Adani amene amasunga nkhalango: mafunso ndi mayankho pa matenda a mitengo, tizilombo ndi kuchuluka kwa mitundu

Mafunso awa ndawatola kwa anthu akwathu olankhula Chichewa kuno ku Harare amene ntchito yawo kapena mtima wawo uli pa mitengo: abambo osamalira maluwa ndi kapinga m'nyumba za ku Borrowdale ndi Highlands, amayi a m'mipingo ya ku Mbare, Highfield ndi Mufakose amene amafesa mbande zodzabzala Loweruka loyamba la Disembala, anyamata ogulitsa mbande m'mphepete mwa misewu, ndi ana athu amene amakumana ndi nkhaniyi pa mayeso. Tonse tinakula tikudziwa kuti mbozi ndi chuku ndi adani a mlimi, ndipo m'munda zimenezo n'zoona. M'nkhalango yachilengedwe nkhani yake ndi ina, ndipo ndikufuna muimve bwino musanagule mbande 500 za mtundu umodzi.

Kodi chodabwitsa n'chiyani ndi nkhalango za m'madera otentha ndi amvula yambiri?

Ndi kuchuluka kwa mitundu ya mitengo pamalo ochepa. Ku Yasuní, m'dziko la Ecuador, akatswiri anawerenga mitundu pafupifupi 650 pa hekitala imodzi yokha. Ku Lambir Hills, pa chilumba cha Borneo, malo a mahekitala 52 ali ndi mitundu pafupifupi 1,200. Kafukufuku wa mu 2013 anayerekeza kuti nkhalango yonse ya Amazon ili ndi mitundu pafupifupi 16,000. Pamene kumpoto kwa Ulaya munthu amayenda tsiku lathunthu m'nkhalango n'kumangokumana ndi mitundu yowerengeka ndi zala.

Chimene chimazunguza mutu n'chakuti mitengo yonse imadya m'mbale imodzi: dzuwa, madzi ndi mchere wa m'nthaka. Zikanayenera kutero kuti mtundu umene umakula msanga ndi kubereka njere zambiri upondereze inzake mpaka nkhalango yonse ikhale yake. Koma sizichitika. Ndiye funso lenileni ndi lakuti: chimene chimaugwira mwendo mtundu wamphamvuwo n'chiyani?

Nanga matenda ndi tizilombo zikubwera pati pamenepa?

Anthu awiri anayankha funsoli mofanana, aliyense payekha. Daniel Janzen, amene ankafufuza m'nkhalango za ku Central America, makamaka ku Costa Rica, analemba yankho lake mu 1970. Joseph Connell, amene ankafufuza ku Queensland m'dziko la Australia, analemba lake mu 1971. Mpaka lero mfundoyi imadziwika ndi mayina awo awiriwo.

Anati chonchi. Mtengo waukulu umene wakhala pamalo amodzi zaka 100 kapena 200 umakhala utaweta adani ake. M'nthambi mwake muli mbozi zodziwa masamba ake, m'nthaka yozungulira mizu yake muli mafangasi (abale a chuku ndi bowa) ozolowera mizu ya mtundu wake, ndipo pansi pake pali tizilombo todikira njere zake nyengo iliyonse. Mtengo waukuluwo umapirira, chifukwa uli ndi mizu yozama, khungwa lokhuthala ndi chakudya chosungira. Koma kambande ka masamba awiri sikangapirire. Tsono njere zambiri zimagwera pansi pa mayi wake pomwepo, pamene adani ali mbwee, ndipo pafupifupi zonse zimathera pomwepo. Zimene zimapulumuka ndi zochepa zija zimene mphepo, mbalame kapena nyani anazitengera patali.

Malo a pansi pa mtengowo sakhala opanda kanthu. Njere ya mtundu wina ikagwera pamenepo, adani aja alibe nayo ntchito, chifukwa si chakudya chawo. Imamera, imakula, ndipo tsiku limene mtengo waukulu udzagwe, wolowa m'malo amakhala mlendo, osati mwana wake.

Pali mbali yachiwiri, imene kwa ine ndiyo yofunika kwambiri. Mtundu ukayamba kuchuluka m'dera, adani ake savutika kudumpha kuchoka pa mtengo wina kupita pa unzake, ndipo amachulukana nawo. Mtundu ukachepa, adani ake amasowa pogwira n'kuchepa, ndipo umapeza mpata wopuma. Choncho wochuluka amabwezedwa m'mbuyo, wosowa amapatsidwa danga. Mlimi aliyense amene anaonapo tomato akulephera pa bedi limene anabzalapo tomato chaka chatha, koma nyemba n'kuchita bwino pomwepo, akudziwa kale chiyambi cha nkhaniyi. Nkhalango imachita kasinthasintha wa mbewu yokha, kungoti ulendo umodzi umatenga zaka mazana.

Adani akewo ndi ati kwenikweni? Tingawaone ndi maso?

Ena mungawaone. Tolani njere zimene zakhala pansi pa mtengo wa m'gulu la nyemba kwa masabata angapo, muzitembenuze m'manja. Zambiri mudzazipeza zili ndi kabowo kozungulira bwinobwino, ndipo mukazifinya zimangophwanyika, m'kati muli fumbi lokhalokha. Ameneyo ndi mbale wake wa nankafumbwe wa m'nyemba zathu. Mayi wake anaikira dzira pa khoko likadali laliwisi, mphutsi inalowa m'njere, inadya zonse, inakhwimira momwemo n'kuboola potulukira. Janzen anathera zaka zambiri akusunga njere m'matumba kuti aone chimene chituluke, ndipo anapeza kuti tizilombo tambiri totere timadya njere za mtundu umodzi wokha kapena mitundu yochepa yapachibale.

Ena saoneka, koma ntchito yawo imaoneka. Amene munafesapo fodya kapena tomato pa nazale mukudziwa m'mawa uja umene mumapeza mbande zagona chigulu pamalo amodzi, masamba akadali obiriwira. Mukazula imodzi, tsinde lake pamene limakhudza dothi lada, lanyowa, lapyapyala, ndipo silingathenso kunyamula mutu. Zimenezo zimachitidwa ndi tizilombo ta m'nthaka monga Pythium ndi Phytophthora, timene timakonda chinyezi ndi mthunzi. Pansi pa nkhalango yowirira, pamene dzuwa limafika pang'ono ndipo nthaka siuma, timapha mbande zosawerengeka.

Chofunika kuchimvetsa n'chakuti mdani wothandiza nkhalango ndi amene amasankha chakudya. Mbuzi kapena dzombe, zimene zimadya chilichonse chobiriwira, sizipatsa mtundu wosowa mwayi uliwonse.

Alipo amene anayesa n'kuona kuti n'zoona, kapena ndi maganizo chabe a anthu ophunzira?

Anayesa, ndipo kangapo. M'zaka za m'ma 1980, Carol Augspurger anatsatira mbande za mtengo wotchedwa Platypodium elegans ku Panama. Anapeza kuti zimene zinamera pafupi ndi mayi wake, mothithikana ndiponso mumthunzi, zinkafa kwambiri ndi matenda oola tsinde aja, pamene zimene zinagwera kutali kapena pamalo owala zinkapulumuka.

Ku Panama komweko kuli chilumba cha Barro Colorado, chimene chinapangika madzi atadzaza chigwa pomanga ngalande ya Panama. Mu 1980 Stephen Hubbell ndi Robin Foster anadula malo a mahekitala 50 kumeneko, n'kuyamba kupachika nambala pa mtengo uliwonse umene tsinde lake lakwana sentimita imodzi kukula kwake. Mitengo yake ndi yoposa 200,000, ya mitundu pafupifupi 300, ndipo amabwerera kukaiyeza pakatha zaka zisanu zilizonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha: ndi kaundula ameneyu amene anasonyeza kuti kamtengo kozunguliridwa ndi abale ake kamafa msanga kuposa kozunguliridwa ndi mitundu ina. Mu 2010 Scott Mangan ndi anzake anatenga dothi la pansi pa mitengo yosiyanasiyana n'kubzalamo mbande. Mbande zinkakula mofooka m'dothi la mtundu wawo womwe kuposa m'dothi la mitundu ina, ndipo mitundu imene inkavutika kwambiri ndi dothi lakelo ndi imene inalinso yosowa m'nkhalangomo.

Kuyesa kumene kumandigwira mtima kunachitikira m'nkhalango ya Chiquibul ku Belize, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2014. Robert Bagchi, Owen Lewis ndi anzawo anagawa timalo pansi pa nkhalango. Tina ankapoperapo mankhwala opha mafangasi, tina opha tizilombo, tina madzi okha. Pamene anapha tizilombo, mbande zinamera zambiri kuposa kale ndipo mitundu yopambana inasintha. Pamene anapha mafangasi, kusiyanasiyana kwa mitundu ya mbande kunatsika ndi 16 pa 100 alionse. Mankhwala anachiritsa mbande, koma nkhalango yamawa inasauka.

Achimwene, ngati zili choncho, bwanji ku Mukuvisi Woodlands, tchire lotetezedwa la mu Harare, tikuona mitengo ya msasa ndi munhondo yokhayokha?

Funso ili ndi labwino kuposa onse, chifukwa likutichotsa ku Amazon n'kutibweretsa pakhomo. Tchire la Harare, la Domboshava, la Dedza ndi la Kasungu si nkhalango ya mvula. Ndi miombo, imene yayala masikweya kilomita pafupifupi 2.7 miliyoni kuchokera ku Angola mpaka ku Tanzania ndi Mozambique. Mafumu ake ndi mitengo yapachibale ya Brachystegia, Julbernardia ndi Isoberlinia: msasa, mombo, mchenga ndi inzake. Pali zifukwa zingapo zimene mitengoyi imakhalira pamodzi chonchi osathana ndi matenda.

Choyamba ndi chilimwe. Kuno mvula imasiya mu Epulo n'kudzabweranso kumapeto kwa Okutobala kapena mu Novembala. Miyezi yonseyo nthaka ili gwaa, ndipo mafangasi oola mbande alibe chinyezi chogwirira ntchito. Akatswiri ataphatikiza zotsatira za kafukufuku wa m'mayiko ambiri mu 2014, anaona kuti mphamvu ya adaniwa imakula kumene kumagwa mvula yambiri.

Chachiwiri ndi moto. M'miombo, amene amasankha mbande yopulumuka nthawi zambiri ndi moto wa tchire ndi chisanu cha mu Juni ndi Julayi. Ku Ndola, m'dziko la Zambia, anayamba kuyesa zimenezi mu 1933, ndipo Colin Trapnell analemba zotsatira zake. Malo amene ankatenthedwa mochedwa chaka ndi chaka, udzu utauma kwambiri, mitengo ya miombo inatha. Amene ankatenthedwa molawirira, inakhalabe. Amene sankatenthedwa konse anawirira, ndipo munayamba kulowa mitengo yosayoyola masamba.

Chachitatu, mitengo ya miombo siidalira njere zokha. Mukadula msasa, chitsa chimaphuka. Kamtengo kamene mukukaona kofika m'bondo kakhoza kukhala ndi muzu wa zaka zambiri pansi, umene wakhala ukupsa n'kuphukanso.

Chachinayi chili pa mbale zathu m'dzinja. Bowa amene amayi amagulitsa m'mphepete mwa misewu yolowa mu Harare mvula ikagwa, monga nhedzi, samera paliponse. Amamera pansi pa msasa, munhondo ndi masuku, chifukwa ulusi wake umakuta timizu ta mitengo imeneyi. Bowa amapatsa mtengo madzi ndi mchere wa m'nthaka yosaukayi, mtengo umapatsa bowa shuga, ndipo chikuto chija chimatchinjirizanso muzu ku matenda. Ndiye mbande ya msasa ikamera pafupi ndi mayi wake imapeza abwenzi akudikira, osati adani okha. Zoterezi zimachitika ngakhale m'nkhalango ya mvula: ku Ituri, m'dziko la Congo, kuli madera aakulu amene mtundu umodzi, Gilbertiodendron dewevrei, wadzaza pafupifupi wokha, ndipo nawonso ndi mtengo wokhala pa ubale wotere ndi bowa.

Mukapitanso ku Mukuvisi, kaimeni pa chulu chachikulu. Mudzaona kuti mitengo ya pachulu ndi ina, yosiyana ndi ya pansi pozungulira. M'miombo chiswe nachonso chimawonjezera mitundu, koma m'njira yake: chimasintha dothi.

Kodi mu Zimbabwe muno muli nkhalango ya mvula yeniyeni?

Ilimo, kummawa, m'malire ndi Mozambique: zigawo za ku Vumba, za m'chigwa cha Honde, za ku Chimanimani, ndi Chirinda pafupi ndi Mount Selinda m'boma la Chipinge. Ku Chirinda ndi kumene kuli mbawa yotchuka ija yotchedwa Big Tree, yotalika mamita oposa 60. Kwathu ku Malawi zoterezi zili m'zigwa za phiri la Mulanje, pa phiri la Ntchisi, ku Misuku ndi ku Nkhata Bay. Amene simungakwanitse ulendo wa ku Chipinge, pitani ku National Botanic Garden ku Alexandra Park, kumene anabzala chigawo cha mitengo ya m'nkhalango za kummawazo. Ndi yobzalidwa, koma mudzamva kuzizira ndi mdima wa pansi pake.

Mbawa yomweyo ndi chitsanzo chabwino. Njere zake zili ndi phiko, zimauluka ndi mphepo kuchoka pa mayi wake. Ili ndi mdani wake, mbozi ya gulugufe wausiku wotchedwa Hypsipyla robusta, imene imaboola nsonga yanthete ya mtengo waung'ono n'kudya m'kati. Nsonga ikafa, mtengo umachita mphanda, ndipo thabwa lalitali lowongoka silipezekanso. M'nkhalango, mbawa ili apa ndi apo pakati pa mitundu ina, ndipo yambiri imakula osapezedwa. Koma anthu atayesa kubzala mbawa ndi abale ake m'mizere pamtetete, m'mayiko ambiri a mu Africa, Asia ndi America, mbozi za mtundu umenewu zinawagwetsa mphwayi.

Nanga anyani, mbalame ndi mileme zikukhudzidwa bwanji?

Ndi amene amathawitsa ana. Mitengo yambiri ya m'nkhalango za mvula imabereka zipatso zoti nyama idye n'kukataya njere kwina. Ku Kibale, m'dziko la Uganda, mtengo wa Balanites wilsoniana uli ndi njere yaikulu imene ndi njovu yokha imaimeza. Zimene zatsala pansi pa mtengo zambiri zimawonongeka, pamene zodutsa m'mimba mwa njovu zimamera bwino. Ku Kasanka, m'dziko la Zambia, mileme yodya zipatso imasonkhana mamiliyoni kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka Disembala, nthawi ya masuku, ndipo usiku uliwonse imauluka makilomita ambiri ikumwaza njere.

Alenje akatha nyama zimenezi, nkhalango imaonekabe yobiriwira, koma zipatso zimangounjikana pansi pa mayi wake, pakamwa pa adani. Ku Lambir kuja, nyama zitatha ndi ulenje, akatswiri anaona timitengo tikumera mounjikana ndipo mitundu ikuyamba kuchepa. N'chifukwa chake zimandipweteka kuona ana akugenda mileme ndi legeni chifukwa cha mango awiri.

Chimachitika n'chiyani munthu akabzala mtundu umodzi wokha pamalo aakulu?

Funsani za Henry Ford. Mtengo wa mphira kwawo ndi ku Amazon, kumene umamera motalikirana, yochepa pa hekitala, yobisika pakati pa mitundu ina. Uli ndi matenda ake a masamba amene m'nkhalango sauvutitsa kwambiri, chifukwa mtengo wina wa mphira uli kutali. Mu 1928 Ford, pofuna mphira wa matayala a galimoto zake, anatsegula munda waukulu wotchedwa Fordlândia m'mbali mwa mtsinje wa Tapajós ku Brazil. Anagwetsa nkhalango n'kubzala mphira m'mizere yothithikana. Nthambi zitayamba kukhudzana, matenda a masamba aja pamodzi ndi mbozi zinangoyenda kuchoka pa mtengo kupita pa mtengo. Anasamukira ku Belterra mu 1934, koma mavuto anawatsatira, ndipo mu 1945 kampaniyo inagulitsa malowo ku boma la Brazil itataya ndalama zoposa madola 20 miliyoni.

Koma mphira womwewo ukuchita bwino m'mizere ku Malaysia, ku Thailand, ngakhale ku Vizara kwathu ku Nkhata Bay. Chifukwa chake n'chakuti mu 1876 Henry Wickham anatenga njere pafupifupi 70,000 ku Brazil kupita nazo ku munda wa zomera wa Kew, ku London, ndipo mbande zochokera kumeneko zinafika ku Asia popanda matenda aja. Minda imeneyo ili moyo chifukwa nyanja ili pakati pa iyo ndi mdani wake.

Ndiye mukuti matenda onse a mitengo ndi abwino, tiziwasiya?

Ayi, bambo, ndipo pano ndimvetseni. Mdani amene ndikumuyamikira ndi amene wakhala ndi mtengowo m'dera limodzi zaka zikwizikwi, mpaka awiriwo anafika podziwana mphamvu. Ameneyo amapatulira. Mdani wobwera kuchokera kutsidya kwa nyanja amapeza mtengo wosadziwa kudziteteza, ndipo amaseseratu.

Mu 1904 ku New York anaona matenda achilendo pa mitengo ya chestnut, ochokera ku Asia. Pasanathe zaka 50 anali atapha mitengo yoposa 3 biliyoni kummawa kwa United States. Kwathu, nsabwe za mitengo ya cypress zinaoneka ku Malawi mu 1986, zinawononga minda ya mitengoyo m'mayiko ambiri a kummawa ndi kummwera kwa Africa, ndipo zinagwiranso mkungudza wa pa phiri la Mulanje, umene unali utavutika kale ndi macheka ndi moto. Bulugamu amene alimi a fodya amadalira pochiza fodya wawo wapezedwa ndi adani ake a ku Australia mmodzimmodzi: kachilombo kofiiritsa masamba, kena kotupitsa timitsempha ta masamba anthete, kena komanga tizigoba toyera pa tsamba. Ndipo mu 2017 ku Pietermaritzburg, ku South Africa, kunapezeka kachikumbu kakang'ono kochokera ku Asia kamene kamaboola thunthu n'kulowetsamo fangasi wotseka mitsempha ya madzi. Kawononga mitengo yambiri ya m'misewu ya Johannesburg.

Ife amene timayenda pa mabasi a ku Beitbridge, kapena a ku Nyamapanda kudzera ku Tete mpaka ku Mwanza, nkhaniyi ndi yathu. Kamtengo ka mu chubu kokhala ndi dothi lake, chipika cha nkhuni, mphukira ya nthochi yokulungidwa m'chitenje kuti tikabzale mbewu ya kwathu, zonsezo zimanyamula alendo. Mukukumbukira mmene matenda a chisaka anathera nthochi ku Thyolo ndi ku Nkhata Bay. Amafala kwambiri ndi mphukira zimene anthu amagawana mwachikondi. Musawolotse zomera pa malire popanda chilolezo cha oyang'anira za zomera.

Bwanji jakaranda ndi lantana zimamera paliponse mu Harare popanda chozivuta?

Zinasiya adani awo ambiri ku America, kumene zinachokera. Jakaranda amakongoletsa misewu mu Okutobala, palibe wotsutsa, koma mbande zake zimalowerera m'tchire, ndipo lantana amatseka pansi mpaka mbande za mitengo yathu kusowa pomera. Ku Nyanga, paini ndi wattle zikuchita chimodzimodzi m'mapiri a udzu. Umu ndi mmene mtundu umachitira ukasowa wougwira mwendo.

Kodi mitengo siidziteteza yokha?

Imadziteteza kwambiri, ndipo zida zake zina timazigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Chikonga cha mu fodya ndi poizoni wa tizilombo. Chimene chimatichotsa tulo mu khofi ndi tiyi chimagwiranso ntchito yomweyo pa chomeracho. Kwinini, amene anachiza malungo kwa zaka mazana, amachokera ku khungwa la mtengo wa cinchona wa ku mapiri a Andes. Mitengo ina imalemba asilikali: Janzen yemweyo anasonyeza kuti mitengo ina ya minga ya ku Central America imasunga nyerere m'minga yake n'kumazidyetsa, ndipo nyererezo zimaluma chilichonse chofuna kudya masamba. Ku Borneo mitengo ikuluikulu ya m'banja la dipterocarp imakhala zaka zingapo osabereka, kenako yonse n'kubereka nthawi imodzi, njere zochuluka moti odya amakhuta zina n'kutsala.

Mpikisano umenewu sutha. Mtengo ukapeza poizoni watsopano, pakapita mibadwo kachilombo kena kamaphunzira kumupirira, ndipo kamakhala katswiri wa mtengo umenewo. Phyllis Coley ndi Thomas Kursar anapeza kuti mitengo ya Inga, imene ili ndi mitundu pafupifupi 300 ku America, imasiyana kwambiri pa mankhwala a m'masamba ake anthete ngakhale ili yapachibale, ndipo imene imamera moyandikana nthawi zambiri imakhala ya zida zosiyana.

Nanga mphalabungu ndi madora amene timadya, si adani a mitengo?

Amadya masamba, nthawi zina mpaka mtengo wa tsanya kutsala mbulanda, koma umaphukanso. Choopsa si mbozi, ndi munthu amene amagwetsa mtengo wonse kuti atole za kunsonga.

Kodi akatswiri onse amagwirizana pa mfundoyi?

Amagwirizana kuti mbande zimafa kwambiri pafupi ndi abale awo. Zimenezo zaoneka m'malo ambiri, ngakhale kozizira: mu 2000 Alissa Packer ndi Keith Clay anazipeza pa mtengo wa black cherry ku Indiana, wopha wake ali Pythium. Chimene amatsutsana ndi kukula kwa gawo lake. Ena amaloza ku kusiyana kwa dothi, kwa chinyezi cha m'chigwa ndi pa mtunda, ndi mipata ya dzuwa imene imatseguka mtengo ukagwa. Hubbell uja, mu 2001, anafika ponena kuti mbali yaikulu ingakhale mwayi chabe wa njere imene yafika poyamba. Ndipo kafukufuku wa ku Amazon uja anapezanso kuti mitundu 227 yokha ndiyo theka la mitengo yonse, kusonyeza kuti ilipo ina imene imakwanitsa kuchuluka ndithu.

Ine ndimaona kuti adani si amene analenga mitundu yonseyo okha, koma ndi amene amailetsa kuthana. Popanda iwo zifukwa zinazo sizikanakwanira kusunga mitundu 650 pa hekitala imodzi.

Nkhalango ikadulidwa n'kutsala tizigawo, zimasintha chiyani?

M'mphepete mumalowa dzuwa ndi mphepo, nthaka imauma, ndipo mafangasi amafooka. Ku mapiri a Western Ghats ku India, kafukufuku wa mu 2018 anapeza kuti pafupi ndi mphepete mwa nkhalango adani anali atachepa mphamvu, ndipo mbande zinali za mitundu yochepa kuposa m'katikati. Nkhalango zathu za kummawa n'zazing'ono kale, zozunguliridwa ndi minda ya tiyi, nthochi ndi paini, choncho msewu uliwonse kapena munda uliwonse woduliramo umawonjezera mphepete.

Mayi wina anafunsa: ife tili ndi nazale ya mpingo, tichite chiyani ndi zonsezi?

Pa nazale, mayi, tetezani mbande zanu. Pamenepo si nkhalango, ndipo kufa kwa mbande sikuthandiza aliyense. Musafese mothithikana, thirirani m'mawa osati madzulo, machubu akhale ndi mabowo otulutsa madzi, mthunzi usakhale wandiweyani, ndipo mbande yagona muichotse pamodzi ndi dothi lake tsiku lomwelo. Njere muzitola pa mitengo yambiri yotalikirana, osati pa umodzi wa pafupi ndi tchalitchi, kuti mbande zisakhale za magazi amodzi. Zikangogwa muzitole msanga anankafumbwe asanazipeze.

Pobzala, sakanizani. Mbawa isatsatane ndi mbawa mzere wonse. Pakati pake ikani mkuyu, mlombwa, msangu, masuku, kapena mtengo wina woyenera dothi lanu, ndipo mikuyu musaiiwale chifukwa imaitana mbalame ndi mileme zimene zidzakubweretserani mitundu ina kwaulere. Mtengo wa mapeyala ukafa ndi kuola kwa mizu, musabzale mapeyala ena m'dzenje lomwelo, ndipo dothi la pamenepo lisalowe m'machubu anu.

Koma masuku, msasa ndi munhondo muwachitire mosiyana. Imeneyi ndi mitengo ya bowa ija, ndipo mbande zake zimachita chikasu n'kupinimbira zikasowa bwenzi lawo. Katapeni dothi lapamwamba pang'ono pansi pa mtengo waukulu wathanzi wa mtundu womwewo, musakanize ndi dothi la m'machubu musanafese. Njere za masuku sizisungika, choncho muzifese pasanathe masiku ambiri mutadya chipatso, zikadali zonyowa.